Macheza a sayansi pansi pa nimu: asiyireni ana asukulu akonze okha

Aphunzitsi anzanga a kuno kuchigwa, kuyambira kwa Chapananga mpaka ku Marka, makamaka inu amene mumayang'anira kalabu ya sayansi kapena ya wildlife, ndati ndikugawireni mmene ife timakonzera macheza a sayansi ndi ana pa CDSS yomwe ndimaphunzitsa. Si zofuna ndalama zambiri ayi, chachikulu ndi mtima wolola kuwapatsa ana nkhafi apalase okha bwatolo, nde pamenepo mpamene ambirife timavutika.

Machezawo ndi ophweka. Mumaitana munthu wochita kafukufuku, kaya wa za udzudzu kaya wa za madzi kaya wa za mbewu, amakhala pansi limodzi ndi anthu wamba, amayankhula pang'ono chabe kenako anthu amamufunsa chilichonse chomwe chili kukhosi, iyenso nkumawafunsa. Kunja amati science café, ku England zinayambira mu mzinda wa Leeds mu 1998 ndi mkulu wina dzina lake Duncan Dallas, anthu ankakumana mmalo omwera madzulo akaweruka kuntchito. Ife kuno café tilibe koma tili ndi mithunzi ya nimu ndi bwemba, tili ndi thobwa, ndipo mafunso nde alipo osefukira.

Ndipo kuno zikufunika kuposa kwina. Taganizani kuchuluka kwa akafukufuku amene amatsika phiri kudzera pa Thabwa chaka ndi chaka, ena kudzatenga magazi a ana pachala, ena kutchera timisampha ta udzudzu mnyumba usiku, ena kutunga madzi a pamjigo mtimabotolo, akatha apo akwera galimoto ulendo wa kumtunda, agogo amene anapereka chala cha mdzukulu wawo amatsala ndi funso loti kodi magazi aja apita nawo kuti. Funso likasowa woyankha limakayankhidwa ndi mphekesera, ndipo tonse tikukumbuka mu 2017 mmene nkhani ya anamapopa inayambira ku Mulanje ndi Phalombe nkufalikira maboma ena mpaka anthu osalakwa kuphedwa. Mwana wa Fomu 2 amene anakhalapo pa benchi imodzi ndi wakafukufuku nkumufunsa maso ndi maso, akamva zoterezi kumudzi amatha kunena kuti ayi amalume, ine ndinafunsa ndekha ndipo anandiyankha chakuti.

Ulendo woyamba ndinakonza zonse ndekha, ana ntchito yawo inali kunyamula mabenchi ndi kulakatula ndakatulo basi. Mlendo anabwera ndi laputopu ndi pulojekita, Chingerezi chokhachokha, magetsi nkuzima pakati, makolo anayamba kunyamuka mmodzimmodzi akumati akukatsekera mbuzi. Zinandipweteka chifukwa anthu aja anasiya ntchito zawo atakhulupirira mawu anga. Nditakhala pansi ndinaona kuti vuto silinali mlendo, mutu ndinasankha ndine, panalibe olo munthu mmodzi amene anabwera ndi funso lakelake.

Yambani ndi ana, mlendo abwera pambuyo

Tengani ana 8 mpaka 12, a Fomu 1 mpaka Fomu 3, a Fomu 4 asiyeni alimbane ndi MSCE akhoza kungothandiza ngati akuluakulu a gulu. Theka akhale atsikana ndipo osangowapatsa za thobwa ayi. Musatenge okhawo oyankhula Chingerezi bwino, mufunika uja woyankhula Chisena chakuya choti agogo nkugwedeza mutu, mufunika mwana wa msodzi wodziwa madambo onse, mufunikanso uja wolongolola mkalasi amene mumangomutulutsa panja, ameneyo ndi amene sachita manyazi kuimirira pagulu. Maudindo agawane okha, wotsogolera macheza, womasulira awiri, wosunga nthawi, alembi awiri, woyenda ndi maiki ngati ilipo, olandira alendo, msungichuma. Inu lembani pakona pa bolodi zomwe zikufunika kuti pasapezeke mpata kenako khalani chete. Akasankha munthu amene inu simukanamusankha, muloleni ayese kaye.

Tsopano apa mpamene pagona nkhani yonse, kutolera mafunso. Mwana aliyense atenge kope ndi bolopeni apite nazo kwawo kwa masabata awiri, akafunse amayi pamjigo, pachigayo, akabaza pa siteji, asodzi padoko, abusa a ng'ombe, agogo pakhonde, funso limodzi lokha: kodi atabwera munthu wophunzira kwambiri nkukhala apa, mungamufunse chani chomwe chimakuzunguzani mutu? Alembe momwe munthuyo wanenera, mchiyankhulo chomwe wanenera, osakonza kuti limveke ngati funso la mayeso. Dzina osalemba, angoika kuti mayi wa pamjigo kapena mnyamata wa kabaza, ndi mudzi, ndipo mwanayo azikumbukira yekha kuti ndi ndani chifukwa adzabwererakonso.

Mudzadabwa zomwe zimabwera. Bwanji mjigo wathu madzi ake ndi amchere pamene wa kutsidya kwa msewu ndi okoma? Bwanji madzi amatipeza usiku kuno mvula isanagwe nkomwe? Bwanji mwana wanga anabayitsa katemera wa malungo koma wadwalabe malungo? Ngalande yaikulu ikuchokera ku Kapichira ija siyibweretsa udzudzu ndi likodzo? Ntchemberezandonda zinachokera kuti poti kale kunalibe? Bwanji ana a mudzi wakuti mano awo ndi ofiirira? Onsewa ndi mafunso a sayansi eni eni, ena ali ndi mayankho okhazikika kale ena akatswiri akufufuzabe.

Akabweretsa, funso lililonse lilembedwe pa kapepala kake, muyale pansi mkalasi, ana aunjike ofanana pamodzi, mulu wa madzi, mulu wa matenda, mulu wa mbewu ndi ziweto, mulu wa nyama zolusa ngati ng'ona ndi mvuu. Mulu waukulu ndiwo mutu woyamba, olo inu mtima wanu unali pa mutu wina wogwirizana ndi silabasi. Milu inayo musataye, ndi ya materemu akubwera. Mutu wake ulembedwe ngati funso lomwe munthu angalimve akudutsa pa njinga, monga Mchere wa mmijigo umachokera kuti, osati zija za pamwamba pa lipoti.

Mlendo mumupeza kuti

Ali pafupi kuposa mmene timaganizira. A Malawi Liverpool Wellcome amagwira ntchito ya kafukufuku wa malungo ku Chikwawa konkuno, ku Kasinthula ndi ku Ngabu kuli malo a kafukufuku wa zaulimi, ku Majete komwe a African Parks akhala akuyang'anira kuyambira 2003 komanso ku Lengwe kuli anthu odziwa za nyama ndi zachilengedwe, ku Blantyre kuli mayunivesite a KUHeS ndi MUBAS komanso likulu la azanyengo, ku Thyolo kuli yunivesite ya MUST, ndipo kuchoka ku Blantyre kufika pa boma la Chikwawa ndi makilomita pafupifupi 50 okha. Anzathu a ku Bangula, Tengani ndi ku Nsanje boma kutalika kumavutadi, nde pemphani kuti mlendo aphatikize ndi tsiku lomwe akubwera kale kudzagwira ntchito kudera kwanuko. Ndipo musamangosaka pulofesa, wophunzira wa masters, wa mu labu, mlangizi wa ziweto, ofesala wa zamadzi pa boma, nthawi zambiri amenewa ndi amene amacheza bwino. Mukapeza mwana wa kuno yemwe anaphunzira mpaka kuyunivesite, makamaka wamkazi, gwiritsitsani ameneyo, atsikana athu amuone ndi maso.

Kalata alembe ana, inu mungokonza sipelo, ahedi adinde sitampa. Mkati mwake aikemo mafunso asanu mwa aja anatolera momwe aliri, chifukwa wakafukufuku weniweni akawerenga funso la agogo a pamjigo zimamukhudza kuposa mawu onse aulemu amene mungalembe. Ndipo nenani poyera kuti alawansi palibe, thiransipoti adzipezere, ife tipereka mthunzi, thobwa ndi anthu. Ena sayankha, osakhumudwa nazo, lemberani atatu nthawi imodzi.

Akavomera, kutatsala sabata ana atatu amuimbire pa foni ya aphunzitsi, pa sipika, amuuze malamulo a bwalo lathu. Ayankhule mphindi 10 kapena 15 basi. Pulojekita ayi. Chichewa, pomwe chamuvuta womasulira alipo. Ndipo abwere ndi chinthu choti anthu agwire kapena aone. Wa za madzi abwere ndi kachida koyezera mchere, ana atunge madzi a mijigo isanu mmabotolo oyera olembedwa manambala, anthu ayambe alosera kuti la mchere kwambiri ndi liti kenako muyeze onse akuona. Wa za malungo, ana atape timphutsi ta udzudzu pa zithaphwi aike mu botolo loonekera, awaonetse anthu kuti ta udzudzu wa malungo uja wa Anopheles timagona chopingasa pansi penipeni pa nkhope ya madzi pamene ta udzudzu wina timalendewera mutu pansi, munthu akaona zimenezi kamodzi sayang'ananso chithaphwi cha kuseri kwa bafa ngati kale.

Tsiku lomwelo mlendo afike ola limodzi anthu asanasonkhane ayesere pamaso pa ana. Lamulo ndi loti akatchula mawu omwe agogo sangamve, mwana akweze dzanja, aime, asake limodzi mawu ena. Apa ana amaphunzira kwambiri kuposa pa macheza enieniwo, ndipo amagwira zinthu zomwe mlendo sangaziganizire. Mwachitsanzo munthu akangoti kachilombo osawonjezera kanthu, ambiri kumudzi amamva HIV, nde wa malungo azinena kuti tizilombo ta malungo nthawi zonse. Akafuna kufotokoza mmene amasankhira nyumba zolowa mu kafukufuku anene kuti timachita maere, chifukwa anthu amadandaula kuti bwanji analumpha nyumba yanga nkulowa kwa aneba, amaganiza kuti pali kukondera. Maperesenti awasandutse anthu, mwa ana 10 aliwonse angati.

Kwa amfumu, malo ndi nthawi

Ahedi, a PTA ndi a Mother Group adziwe poyamba. Kenako kwa amfumu ndi a gulupu mupite limodzi ndi ana awiri kapena atatu, inu mupereke moni nkutsegula nkhani koma wofotokoza akhale mwana, atakhala pansi mwaulemu monga mwa mwambo, ndipo muwafunse amfumuwo funso lawo lomwe akufuna lidzafunsidwe. Pali chinthu chimodzi chomwe muyenera kuchinena mobwerezabwereza, kwa amfumu, mmatchalitchi ndi kumzikiti polengeza, paliponse: sikudzakhala kulemba mayina, sikudzakhala kugawa katundu. Kuno tadutsa mmadzi a 2015, anamondwe a Idai mu 2019, Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023, anthu anazolowera kuti galimoto ikaima pansi pa mtengo nde kuti kalembera wa thandizo wayamba, ndipo sindikuwanena, njala siyicheza. Koma munthu akabwera ndi chiphaso mmanja nkupeza kuti ndi macheza amabwerera ndi mkwiyo. Pa chifukwa chomwecho musayendetse pepala la mayina, mukafuna kudziwa kuti anabwera angati mwana mmodzi aziponya njere ya chimanga mu kapu munthu akafika, kapu ina amayi ina abambo.

Malo asakhale mkalasi, makolo ambiri akalowa mkalasi amadziona ngati ayitanidwira mlandu wa fizi. Bwalo la amfumu, pansi pa mtengo pafupi ndi msika koma osati tsiku la msika, kapena panja pa tchalitchi. Nthawi yabwino ndi May mpaka August, chifukwa October ndi November dzuwa la kuno mukulidziwa nokha, munthu sangamve za sayansi thukuta likuyenderera mmaso, ndipo January mpaka March misewu imaduka anthunso ali kumunda. Yambani cha mma 3 koloko masana mumalize 5 koloko isanakwane kuti atsikana ochokera kutali akafike kunyumba kusanade. Mmudzi mukagwa maliro imitsani, osakambirananso.

Tebulo la akuluakulu la nsalu ndi maluwa musaike. Amfumu apatseni mpando wawo waulemu, koma mlendo akhale pa benchi pafupi ndi mphasa za amayi, anthu azungulire.

Tsiku lenilenilo

Pemphero lalifupi, amfumu alandire alendo, kenako wotsogolera, mwana wathu uja, atchule mlendo dzina ndi komwe achokera mmizere iwiri osawerenga madigiri onse. Inu aphunzitsi khalani kumbuyo, ndikubwerezanso kumbuyo, mwana akakakamira pakati musathamangire kulanda maiki, werengani mpaka 10 chamumtima amadzuka yekha. Wosunga nthawi akhale ndi kabelu kapena botolo ndi supuni, mphindi zikakwana agogode olo akhale dokotala wamkulu bwanji, anavomera yekha pa foni.

Mlendo akamaliza musapite ku mafunso pompo, pumani mphindi 10 anthu amwe thobwa. Mafunso enieni amabadwa pamenepa, amayi akunong'onezana, nde ana aziyenda pakati pawo ndi timapepala kulemba zomwe akumva ndi kulimbikitsa kuti mayi funso limenelo mukalifunse. Pakhalenso dengu la mafunso a chinsinsi, wina sangaimirire pamaso pa apongozi ake nkunena kuti mwana wanga akukodza magazi, koma pa kapepala kapena pomunong'oneza mwana wasukulu zimatheka. Za thobwazo samalani, madzi owiritsa kapena othira klorini, makapu otsuka, ndowa yosambira mmanja ndi sopo, kolera ya 2022 ndi 2023 inatiphunzitsa mokwanira.

Pobwerera funso loyamba lichokere kwa mayi, mukonzeretu ndi mmodzi wa Mother Group. Ndaona kangapo kuti akayamba abambo atatu otsatizana amayi amatseka pakamwa mpaka kumapeto. Wotsogolera aziponya uku ndi uku, mayi, bambo, wachinyamata, dengu. Padzapezeka bambo wina wofuna kuyankhula mphindi 20 popanda funso, mwana aphunzire kunena mwaulemu kuti zikomo bambo tamva, nde funso lanu kwa alendowa ndi loti chani? Wina adzabweretsa za chipani, ayankhe kuti zimenezo zili ndi bwalo lake. Wina adzafuna kuyezedwa pompo kapena kulemberedwa mankhwala, ameneyo alozeredwe kuchipatala kapena kwa azaumoyo a mmudzi, ndi bwino HSA wa deralo akhalepo pa chifukwa chimenechi.

Funso la ufiti kapena la mizimu likabwera aliyense asaseke, ana muwauziretu. Munthu amene wafunsa ngati madzi osefukira ndi mkwiyo wa mizimu wafunsa ndi mtima wonse, ndipo kuno nkwawo kwa Mbona, ku kachisi wake wa mvula ku Khulubvi anthu amapitabe. Mlendo angofotokoza zomwe iye amayeza, kuti mvula ikagwa yambiri ku Mulanje ndi Thyolo, Ruo amatsika ndi mphamvu nkukakumana ndi Shire pa Chiromo, akadzaza kwambiri amatchinga Shire madzi nkubwerera mmbuyo kudzaza madambo, ndipo mchenga wokokoloka kumapiri opanda mitengo wakwirira mitsinje nde madzi pang'ono okha akusefukira. Zinazo asiyire eni ake. Muuzeninso kuti kunena kuti sindikudziwa nkololedwa, ndipo anthu amamukhulupirira kwambiri munthu wotero kuposa woyankha chilichonse. Chimodzimodzi za katemera uja, Malawi ndi dziko loyamba kuyamba kupereka katemera wa malungo kwa ana mu April 2019, koma mlendo anene chilungamo kuti katemerayu amachepetsa malungo oopsa, satseka khomo lonse, masikito neti ndi ofunikabe ndipo mwana amalize kubayitsa maulendo onse.

Chakumapeto tembenuzani bwalo, mlendo afunse anthu. Wa zanyengo afunse akuluakulu kuti kale mumadziwira chani kuti madzi akubwera, wa zaulimi afunse kuti mapira ndi mchewere wa makolo mumasunga bwanji kuti anankafumbwe asalowe. Gawo limeneli ine ndimalikonda kuposa onse, agogo amene anakhala chete nthawi yonse amayamba kuyankhula Chisena chothamanga, mwana akumasulira, dokotala akulemba mkope.

Zochepa za chitetezo koma musazinyoze. Tsiku limeneli mlendo asatenge magazi, mkodzo kapena kulemba anthu olowa mu kafukufuku wake, zimenezo zili ndi njira yake ya chilolezo, mukasakaniza mwaononga chikhulupiriro chonse. Zithunzi apemphe kaye pagulu, wokana asajambulidwe. Manambala a foni a ana, makamaka atsikana, asaperekedwe kwa mlendo aliyense olo akhale wooneka waulemu bwanji, zonse zidzere kwa aphunzitsi, ndipo mphunzitsi wamkazi kapena mayi wa Mother Group akhalepo kuyambira poyesera mpaka pobalalika.

Ndalama zake ndi za chimera, ufa, shuga, sopo, mapepala ndi mayunitsi basi, makolo ena amapereka chimera chawo mukawapempha bwino. Msungichuma alembe tambala iliyonse nkuwerenga pa asembule.

Zikatha

Mawa lake ana akumane zikadali mmutu, anene okha chomwe chinayenda ndi chomwe chinavuta inu musanatsegule pakamwa. Alembi alembe tsamba limodzi mChichewa chosavuta, mafunso akuluakulu ndi mayankho ake, mlendo alione kaye pa WhatsApp kuti tisafalitse zolakwika, kenako mumate pa bolodi yasukulu, pachigayo ndi pachipatala chaching'ono mutapempha. Ana awiri ajambule voice ya mphindi zitatu imodzi ya Chichewa ina ya Chisena iziyenda mmagulupu a makolo, ndipo a ku Nsanje yesani kugogoda ku wailesi za mmadera ngati Nyanthepa ndi Gaka, mawu a ana pa wailesi makolo amawatchera khutu.

Mafunso amene sanayankhidwe, aja mlendo anati sindikudziwa ndi aja anatsala mdengu, atumizidwe kwa iye ndi pempho loti ayankhe pasanathe masabata awiri kapena atilozere mnzake wodziwa. Yankho likafika, mwana yemwe anatola funso lija abwerere kwa mwini wake, kaya ndi pamjigo kaya padoko, akakhale pansi nkunena kuti agogo, funso lanu lija ndabwera nalo yankho. Ngati yankho silinapezeke akanenenso zomwezo, kuti tafunsa koma akatswiri akufufuzabe. Ichi musachilumphe olo mutatopa bwanji, chifukwa tikatolera mafunso nkusowa ndiye kuti ifenso tachita zomwe timadandaula zija.

Zonsezi, makalata, manambala a maofesi, milu ya mafunso yotsala, mayina a midzi yomwe mwafikako, zilowe mu kope limodzi la chikuto cholimba, ndipo kopelo lisakhale mu dirowa yanu, aphunzitsi timasamutsidwa. Lisungidwe ndi mlembi wa kalabu mu pulasitiki chifukwa cha chiswe ndi madzi, ndipo teremu yachitatu isanathe aliyense wa Fomu 3 asankhe wa Fomu 1 woyenda naye pa macheza omaliza a chakacho, womasulira ndi womasulira mnzake, wosunga nthawi ampatse mng'ono wake kabelu kaja agogode yekha.